TIKAMBIRANE: Citsiru cinaomba ng'oma, ocenjera nabvina

Sabata ino tiyambe tasiya nkhani za feteleza ndi za mtengo wa cimanga, tikambirane za sewero lina la pa wailesi ya kanema locokera ku America. Ena mudzafunsa kuti, kodi sewero la anthu a kutsidya kwa nyanja limkhudza bwanji mlimi wa ku Chinyunyu, amene nkhawa yake ili pa mvula ndi pa ziweto zake? Yankho lili pa mseu. Mseu waukulu wa Great East Road, umene umapita pafupi ndi akasupe a madzi otentha a pa Chinyunyu, ndiwo umalumikiza Lusaka ndi Chipata mpaka ku malire a Mwami. Usana ndi usiku pamapita mabasi ndi malole, ndipo si katundu yense wa m'menemo amene mwini wake angalole kuti amasulidwe poyera. Seweroli likunena za katundu wotere, ndipo likuyankha funso limene banja lililonse la m'mbali mwa mseu liyenera kudzifunsa: pa malonda a mankhwala osokoneza bongo, amalemera ndani, nanga amapita ku ndende ndi ku manda ndani?

Dzina la seweroli ndi The Wire. Linaonetsedwa kuyambira caka ca 2002 kufikira 2008 pa nyumba ya kanema ya HBO, imene anthu amalipira mwezi ndi mwezi kuti aonere, monga amacitira ena kuno ndi DStv. Lili ndi zigawo 60 zimene zinagawidwa m'magulu asanu. Dzinalo litanthauza waya, ndipo likunena za nchito ya apolisi yomvetsera mobisa zimene ogulitsa mankhwala amakambirana pa lamya. Amene analiyambitsa ndi David Simon, munthu amene anakhala zaka zoposa khumi akulemba nkhani za upandu m'nyuzipepa ya Baltimore Sun. Mnzake pa nchitoyi anali Ed Burns, wapolisi wofufuza milandu ya kupha, amene atasiya upolisi anakakhala mphunzitsi. Anthu a m'seweroli ndi opeka, koma olembawo anaumba nkhani yawo ndi zimene anaona ndi maso awo.

Zonse zikucitikira mu mzinda wa Baltimore, mzinda wa padoko m'cigawo ca Maryland, pafupi ndi Washington. Nchito za m'mafakitale ndi za padoko zinali zitacepa, ndipo m'makomboni a anthu osauka nchito yosabvuta kuipeza inali yogulitsa heroin ndi cocaine m'ngodya za miseu. Gulu lalikulu logulitsa linali la Avon Barksdale ndi mnzake wa pamtima Stringer Bell. Gululi linakonzedwa monga kampani. Akuluakulu sankakhudza mankhwala ndi manja awo, ndipo Avon anali wobisika kotero kuti poyamba apolisi analibe ngakhale cithunzi cake. Pansi pawo panali akapitao, pansi pa akapitao panali anyamata oimirira pa mseu. Wina ankalandira ndalama, wina ankapereka mankhwala, tiana tating'ono tinkayang'anira ngati apolisi akubwera. Apolisi akafika, ogwidwa anali a pa mseuwo, ndipo m'mawa mwake malo awo ankakhala atatengedwa kale ndi anyamata ena.

Pali cigawo cina cimene oonera ambiri saciiwala. Kapitao wina, D'Angelo, anapeza anyamata ake awiri, Wallace ndi Bodie, akusewera drafuti ndi zidole za masewera a chess cifukwa sankadziwa kaseweredwe kake. Iye anakhala pansi nayamba kuwaphunzitsa. Anawaonetsa mfumu, imene imayenda pang'ono koma zidole zonse zimaiteteza, nawaonetsanso tiasilikali tating'ono ta kutsogolo, timene timadyedwa masewera atangoyamba. Anyamatawo anazindikira kuti akuuzidwa za gulu lawo lomwe, koma Bodie anadzilimbitsa mtima kuti msilikali wocenjera akhoza kupulumuka nakafika patali. Pamene sewero linkatha, onse atatu amene anakhala mozungulira masewerawo anali ataphedwa. Palibe mmodzi anaphedwa ndi wapolisi. Onse anafa m'manja mwa anthu a malonda omwewo.

Woyamba kufa anali Wallace, mnyamata wa zaka 16. Ankagona m'nyumba yosiyidwa pamodzi ndi tiana tosowa otisamala, ndipo m'mawa ankatidzutsa ndi kutipatsa kakudya kuti tipite ku sukulu. Ataona mtembo wa munthu amene anazunzidwa ndi kuphedwa cifukwa ca uthenga umene iye anapereka, mtima wake unasweka, nafuna kusiya. Anapita kukakhala kwa agogo ake kumudzi, koma moyo wa kumudzi unamlaka, nabwerera ku tauni. Akuluakulu anaopa kuti aulula zinsinsi, ndipo analamula anzake enieni, amene anakula naye, kuti amuombere mfuti. Anamveradi. Makolo amene muli ndi ana amene mtima wawo uli ku Lusaka, mungacite bwino kuwasimbira nkhani imeneyi.

Nkhani ya D'Angelo ndiyo ingatiwawe kwambiri ife kuno, popeza Avon Barksdale anali malume ake. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndiye amaimirira mwana wa mlongo wake pa mlandu ndi pa ukwati. Gulu litagwidwa, malume uja anagamulidwa zaka 7, ndipo sanazitsirize n'komwe. Mphwake anagamulidwa zaka 20. D'Angelo anafuna kuulula zonse kuti ayambe moyo wina, koma mai ake omubala anapita kukamdandaulira kuti asenze mlanduwo cifukwa ca banja, pakuti nyumba yabwino ndi zobvala zawo zinkacokera ku malondawo. Iye anamvera amai ake. Ali m'ndende, Stringer Bell anatuma munthu kukampotola khosi, Avon osadziwa, ndipo anakonza kuti zioneke ngati wadzimangirira. Ndalama zamtunduwu zikalowa m'nyumba, ubale umasanduka cingwe comangira wamng'ono. Wacitatu, Bodie, anatumikira mokhulupirika zaka zambiri, nadzaphedwa pa ngodya yake yomwe atangoganiziridwa kuti walankhula ndi wapolisi.

Nanga anapulumuka ndani? Stringer Bell anaphedwa, Avon anabwerera ku ndende, koma malonda sanaime tsiku ndi limodzi lomwe. Malo awo anatengedwa ndi Marlo Stanfield, wankhanza koposa, amene pa mapeto anamasulidwa ali ndi cuma cake. Nkhalamba ina yochedwa The Greek, imene inkalowetsa mankhwala m'dziko kudzera padoko, sinagone m'citokosi ngakhale usiku umodzi. Loya wa gululo anapitiriza kulemera. Tsiku lina apolisi anagwira dalaivala wa phungu wina, Clay Davis, ali ndi madola 20,000 ocokera kwa ogulitsa mankhwala, koma akuluakulu a polisi analamula kuti ndalamazo zibwezedwe. Phunguyo atazengedwa mlandu pambuyo pake, khoti linampeza wosalakwa. Wapolisi wina wodekha, Lester Freamon, ndiye ankakumbutsa anzake kuti kulondola mankhwala kumangokufikitsa kwa anyamata a pa mseu, koma kulondola ndalama kumakufikitsa ku maofesi kumene sunayembekezere. Apa ndi pamene mwambi wa makolo athu ukukwanira: citsiru cinaomba ng'oma, ocenjera nabvina.

Tisaganize kuti izi n'za ku America kokha. Acikulire akukumbukira dzina la Mandrax. M'zaka za m'ma 1980 mapilisi amenewa, amene ambiri ankapangidwa ku India, ankalowa m'Zambia napitirira ku South Africa, kumene anthu ankawaphwanya ndi kuwasuta pamodzi ndi camba. Zambia inali njira yopitira, ndipo phindu linkatsala m'matumba a anthu owerengeka a m'tauni. M'caka ca 1985 Pulezidenti Kenneth Kaunda anatsekera anthu angapo, ndipo panakhazikitsidwa bwalo lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Chaila. Maina amene anamveka pa bwalolo sanali a alimi kapena a ogulitsa makala. Anali a eni mabizinesi ndi a anthu ena amene anakhalapo pa maudindo aakulu. Nkhaniyo sinathere pomwepo, pakuti kumayambiriro kwa 1994 nduna ziwiri ndi waciwiri kwa Sipikala wa Nyumba ya Malamulo anatula pansi maudindo awo, maiko otithandiza atadandaula za mbiri ya mankhwala. Iwo anakana kuti analibe mlandu, ndipo ife pano sitikuweruza munthu. Tikungokumbutsa kuti fungo la malondawa linafika kutali ndi kumudzi.

Mabvuto a Mandrax ndiwo anabala bungwe la Drug Enforcement Commission, limene tonse timalichula kuti DEC. Linakhazikitsidwa m'caka ca 1989, ndipo lamulo lolikhazikitsa linali lolanda katundu wogulidwa ndi ndalama za mankhwala. M'caka ca 2001 panadza lamulo loletsa kubisa gwero la ndalama zopezedwa mwa upandu, ndipo mu 2010 panadzanso lina lolanda cuma cotere. Conco nzeru ya Freamon ija dziko lathu lili nayo m'mabuku a malamulo. Olemba The Wire anaonetsa apolisi amene ankasesa anyamata m'miseu kuti ciwerengero ca ogwidwa cioneke cacikulu pa lipoti, pamene eni ake a malonda ankagona tulo tabwino. Anthu akumidzi adzakhulupirira kwambiri nchito ya DEC pamene adzaona kuti wogula matumba a camba, mwini motoka ndi mwini nyumba yosungiramo akuimirira pa khoti pamodzi ndi mlimi.

Tsopano tibwerere kumudzi. Kuno mankhwala amene amatikhudza kwambiri ndi camba. Kawirikawiri a DEC amalengeza za alimi ang'onoang'ono a m'zigawo zosiyanasiyana amene agwidwa atabzala camba pakati pa cimanga, ndiponso za anthu ogwidwa pa mseu ndi camba cobisidwa m'matumba a zinthu zina. Sitikunena kuti anthu a Mfumu Bunda Bunda ndi alimi a camba, iyai. Tikunena kuti mudzi umene uli pa mseu waukulu, makilomita oposa 80 okha kucokera ku Lusaka, uli pa malo amene wamalonda wocenjera angawasirire. Munthu wotere amabwera mwaulemu. Amapereka mbewu, amalonjeza kudzagula zonse, mwina amasiyako ndi kandalama ka sopo. Kwa mnyamata wopita ku tauni amangoti, “Mphwanga, undinyamulireko kathumba aka, wina akakucingamira pa siteshoni.” Dzina lake lenileni simulidziwa, ndipo nambala ya foni yake imaleka kugwira tsiku limene mwagwidwa.

Taganizani bwino za kagawidwe kake. Munda ndi wa mlimi, thukuta ndi lake, ndipo camba cikapezeka m'munda palibe cokana, pakuti mbewu siithawa. Wonyamula naye, thumba likapezeka pamiyendo pake pa Luangwa Bridge kapena pa Chongwe, mlandu ndi wake. Camba cija cikafika ku makomboni monga Chibolya, kumene apolisi ndi a DEC akhala akulowa kangapo, cimagawidwa m'timipukutu ting'onoting'ono, ndipo phindu lenileni limapezeka kumeneko ndi kwa wopereka motoka. Mlimi amalandira gawo locepa koposa onse, koma ngozi yake ndiyo yaikulu koposa onse. Lamulo la 1993 linaika cilango cofika zaka 10 kwa wolima, ndi cofika zaka 25 kwa wocita malonda. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2021, koma ndende ikalipo. Bambo akamangidwa, munda umagonera, ng'ombe zimagulitsidwa kuti apeze ndalama zoyendera mlandu, ndipo mwana wamkazi ndiye amayamba kusiya sukulu.

Pali mphekesera imene yasokeretsa ena, yakuti boma linabvomereza camba. Coona cake ndi ici. Kumapeto kwa 2019 nduna za boma zinabvomereza kuti camba cizilimidwa cifukwa ca mankhwala a m'cipatala ndi kugulitsa kunja, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo a zimenezi. Malawi nayenso anapanga lamulo lotere mu 2020. Koma malamulo amenewa akunena za munthu kapena kampani imene yapatsidwa laisensi, yolima pa malo odziwika ndi oyang'aniridwa. Kubzala camba kuseri kwa culu popanda laisensi, kucinyamula, kucigulitsa kapena kucisuta, zonsezi ndi milandu mpaka lero. Munthu akakuuzani kuti zinaloledwa, mumfunse kuti akuonetseni pepala lake, ndipo mumfunsenso cifukwa cake akufuna kuti mbewuyo ikhale m'munda mwanu, osati mwake.

Tikudziwa kuti ambiri amene amagwa m'mbuna imeneyi si anthu oipa mtima. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Munthu amene nkhokwe yake ili mbee amamva msanga mau okoma. M'seweroli mulinso munthu wotere, Frank Sobotka, mtsogoleri wa bungwe la anchito a padoko. Iye sankasuta kapena kugulitsa kanthu. Ankangolola kuti mabokosi ena atuluke padoko osafufuzidwa, ndipo ndalama zimene ankalandira ankathandizira anchito osowa ndi kunyengerera andale kuti akonze doko. Ankadziuza kuti akucitira anthu ake. Mapeto ake mwana wake anapha munthu namangidwa, mwana wa mbale wake analowa m'malonda a heroin, bungwe linagwa, ndipo mtembo wa Sobotka unabvuulidwa m'madzi. Njala ya caka cimodzi imatha mvula ikabwera bwino, koma zaka za m'ndende sizifupika cifukwa kunja kwagwa mvula.

Gulu lacinai la seweroli likunena za sukulu, ndipo likutsata anyamata anai a zaka pafupifupi 14. Michael, pofuna kuteteza mng'ono wake kwa bambo wankhanza, anapempha thandizo kwa zigawenga, nasanduka wakupha. Randy anachulidwa kuti ndi kazitape wa apolisi, nyumba ya mai womlera inatenthedwa, iye nakathera ku nyumba ya ana osowa kwawo. Dukie, wanzeru koposa onse koma wa makolo omwerekera, anatsiriza akudzibaya heroin. Anapulumuka ndi Namond yekha, amene bambo wake anali m'ndende moyo wonse ndipo mai ake ankamkankhira ku mseu kuti azibweretsa ndalama. Cinampulumutsa n'cakuti wapolisi wina wopuma pa nchito, Howard Colvin, anamuona kuti ndi mwana wophunzitsika, namtenga kukamlera kunyumba kwake. Namond sanali wabwino kuposa anzake atatu aja. Anangopeza munthu wamkulu mmodzi amene anamsamala. Makolo athu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo pa cinthu ici mudzi uli ndi mphamvu imene mzinda wa Baltimore unalibe, pakuti kumudzi mwana aliyense ali ndi azakhali, amalume, anyakwawa ndi aphunzitsi omudziwa dzina.

Nanga mwana amene wayamba kale kusuta? Lero kuwonjezera pa camba, acinyamata ena m'matauni akumwa mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine kuti aledzere, ndipo zimene zili m'tauni sizicedwa kufika pa masitolo a m'mbali mwa mseu. Mukaona mwana wasintha anzake, akugona usana, akuba nkhuku ndi cimanga ca m'nyumba, musafulumire kunena kuti walodzedwa, ndiponso musamthamangitse. Pitani naye ku kiliniki. A DEC ali ndi nthambi yophunzitsa ndi kulangiza omwerekera, ndipo cipatala ca Chainama, cimene cili pa mseu womwewu polowa mu Lusaka, cimathandiza amene mutu wasokonezeka. M'seweroli muli Bubbles, womwerekera amene anagona m'miseu zaka zambiri. Mlongo wake anamlola kugona m'cipinda ca pansi pa nyumba, citseko cokwerera kumwamba cili cokhoma cifukwa anali atamubera kale. Bubbles analimbika kusiya, ndipo m'cigawo cotsiriza citseko cija cinatsegulidwa, iye nakadya pamodzi ndi abale ake. Koma matendawa ndi oopsa ndithu. Michael K. Williams, mmodzi wa ocita seweroli ochuka koposa, amene ankanena poyera za kulimbana kwake ndi mankhwala, anapezeka atafa kunyumba kwake ku New York mu September 2021, ali ndi zaka 54, atagwiritsa nchito heroin wosakaniza ndi fentanyl.

Sewero limeneli lili m'Cingelezi cobvuta, muli kutukwana ndi kukhetsa mwazi, conco si loonetsa ana aang'ono. Komabe masewero a mtundu umenewu afika kale m'mafoni a ana athu ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo, ndipo mnyamata akamaonera yekha amaona motoka zokongola, mikufu ya golide ndi mfuti. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nchito yathu akulu ndi kukhala naye pansi ndi kumfunsa kuti, pa anthu onse aja, iye akadalowa akadakhala uti. Mwana wa mlimi wa ku Chinyunyu sakayambira pa mpando wa The Greek. Akayambira pamene anaima Wallace.

Conco, abale, tipangane kusanapse monga nkhanga. Musanyamule thumba limene simunaone m'kati mwake, ngakhale wokutumani ndi wacibale. Musabwereketse munda kapena nkhokwe kwa mlendo amene safuna kukaonekera kwa anyakwawa. Anyakwawa ndi makomiti a sukulu aziitana a DEC kudzalankhula ndi anthu mlandu usanagwe, makamaka pa 26 June, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira kuipa kwa mankhwalawa. Ndipo inu amene muli ndi mwana wa masiye pafupi, kapena mwana amene bambo wake ali m'ndende, muitaneni adzadye nsima ndi ana anu, mumfunse za sukulu. Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi tilembereni kalata. Tidzakumananso sabata ya mawa.